Chipewa Chogwira Akuba

Tsiku la Lufina linkayamba nkhuku zisanatsike. Kusesa pabwalo, kukwecha mapoto a dzulo ndi phulusa, ulendo wa kuchitsime, kubwerako kuphika phala la Emma, kuchapa matewera, kumangirira mbuzi kutali ndi madimba a eni ake, kenaka liwiro la kudambo kukaona ngati mbalame zamusiyirako mpunga. Zonsezi zinali za pakhomo, zopanda wokuthokoza. Ntchito yodyetsa inkayamba dzuwa litakwera, kuseri kwa sitolo ya Che Nasoro, pakamsika ka m'njira ya ku Kasinje. Kumeneko ankasinja ndi kupeta mpunga wogulitsa, Emma ali kumbuyo, kamutu kakuvomera munsi uliwonse.

Mtondo umenewo ndiwo unali mwamuna wa pakhomo pake. Mwamuna wa ukwati, Yoramu, anapita ku Joni mwana asanabadwe, ndipo chimene anatumiza chinali chithunzi atavala chisoti cha mumgodi. Chithunzi sachiphika. Mayi Aziza, akazi a Che Nasoro, ankamupatsa mpunga wosweka, mchere ndi sopo, ndipo nyumba ya Lufina inkaima pa zimenezo.

Ndiye kunabwera Silvester.

Silvester anali msuweni wake, mwana wa amalume. Sukulu anayambira limodzi, ndipo masamu Lufina ndiye ankamuonetsa. Koma fizi itakwanira mutu umodzi wokha, amalume anayang'ana mitu iwiriyo nasankha wofanana ndi wawo. Lufina analekezera sitandade faifi. Silvester anapitirira mpaka kusukulu ya ukachenjede, ndipo tchuthi chimenecho anatsika basi atavala chipewa chakhonde, m'thumba muli kalata ya chilolezo yodindidwa kuboma.

"Mkazi wanga, ndabwera ndi ntchito," anatero atamupeza akupeta, poti asuweni ndiye kuitanana kwake.

"Ndi timanja tosalalato? Gwira munsiwu tione."

"Yanga ndi ya mutu. Tikuphunzira kafukufuku wa milandu ndi chilungamo. Aphunzitsi athu akuti munthu usamangoganiza kuti kumudzi kuli umbava kapena kulibe. Ufunse anthu. Chabedwa n'chiyani, wobedwayo amakadandaula kuti, mlandu umatha bwanji."

"Wakwera basi ulendo wonsewo kudzafunsa zimene mbuzi yanga ikudziwa?"

"Kudziwa n'kwina, kukhala ndi umboni n'kwina."

Lufina anauzira mankhusu kumbali imene anaima msuweni wakeyo, ndipo anam'tera bwino pachipewa.

Tsono panali nkhani ya thumba, imene mudzi wonse unkaidziwa koma wosaiyankhula. Mwezi womwewo anyamata a chipani, ayufi a malaya ofiira aja, anabwera kusitolo dzuwa lili paliwombo, atatumidwa ndi a Paison, tcheyamani wa nthambi. Ananyamula thumba la mpunga wosinjasinja, ati mphatso ya alendo akuluakulu amene akubwera. Alendowo sanaoneke. Chimene chinamveka ndi fungo la mpunga kukhitchini kwa a Paison, m'mawa ndi madzulo. Anthu ankadutsa pamenepo mphuno zitatseguka, pakamwa patatseka.

Silvester sankadziwa zimenezi, poti mwana wa kutauni samuuza zoti angakazilembe. Aphunzitsi anamuuza kuti mafunso ayambe wawayesa pa munthu mmodzi, aone ngati akumveka. Iye anasankha Che Nasoro, pakauntala, sitolo itadzaza anthu ogula palafini.

"Kodi m'chaka chino mwabedwapo kanthu?"

Che Nasoro anali atatopa, akuyeza shuga, maganizo ali kwina. "Thumba la mpunga lathunthu," pakamwa panawatsogolera.

Anazindikira mawu atatuluka kale. Mawu oti kuba anali atagwa pansi anthu akuona, ndipo pamene pabedwa pamafunika wakuba. Wakubayo sakanakhala chipani. Silvester anangokondwa kuti funso lake likumveka.

Mawa lake anayamba kulemba manambala pazitseko ndi khala. A Paison anamuperekeza khomo ndi khomo, ati mlendo wa boma sayenda yekha. Analamula kuti nyumba yawo ikhale nambala wani, ndipo khala analikana. Anaitanitsa njereza, nambalayo nkuilemba yaikulu ngati msinkhu wa mwana, yooneka uli kumsewu.

Silvester anatola zitsekerero za mabotolo kusitolo, nakanda nambala ya nyumba iliyonse mkati mwake ndi msomali. Pakhonde la sitolo, anthu ataunjikana, anazithira m'chipewa chija nayamba kukhutchumula. Anafotokoza kuti sangafunse nyumba zonse, ndiye achita maere, kuti asasankhe abale ake okha kapena anthu omusekerera. Anafotokozadi bwino, theka m'Chingerezi. Koma anthu sankamva mawu ake, ankamva kulira kwa chipewa. Wekechu, wekechu. Aliyense amene anapitapo kwa sing'anga usiwa utam'kola amakudziwa kulira kumeneko. Ndi mmene ula umalirira usanatchule munthu.

Anapisa dzanja, maso atatsinzina. Chitsekerero choyamba chinali cha nyumba ya Lufina.

Zinatulukanso zina, za anthu amene sanayandikirepo thumba chibadwire, koma zimenezo palibe anaziwerengera. Maso onse anali pa mayi wa munsi, amene ankagwira ntchito pakhomo penipeni pa mosungira mpunga.

"Sukulu ndi yabwino, anthuni," a Paison anatero mofatsa. "Kale tinkataya nkhuku kwa asing'anga. Lero boma latiphunzitsira ana athu. Mwaona nokha chayambira pati."

"Ayi bwana, sizikutanthauza choncho," Silvester anayesa. "Izi ndi mwayi chabe."

"Mwayi wake ndi umenewo, mwana wanga. Usadzichepetse."

Anthu anabalalika mitima itapepuka. Mlandu unali utapeza poti ukhale.

M'mawa mwake Lufina anapeza mayi Aziza atakhala pamtondo wovundikira, manja ali pamiyendo.

"Make Emma, khala pansi. Ine ndikudziwa, iwe ukudziwa, mtondowu ukudziwa kumene thumba linapita. Koma a tcheyamani anabwera dzulo. Akuti sitolo yosunga wakuba laisensi yake aiyang'anitsitsa."

"Ndiye mwati bwanji, mayi?"

"Kukubwera Veronica, mlongo wawo wa a tcheyamani."

"Veronica uja amatopa ndi kusenda nthochi?"

"Yemweyo. Ndikanatani ine?"

Lufina anamanga lichero lake pansalu nabwerera. Kuchitsime azimayi anayamba kusendeza ndowa zawo iye akafika. Wina anachita kuwerenga nkhuku zake mokweza Lufina akudutsa. Zimenezo sizinam'pweteke kwenikweni, poti manyazi munthu amagona nawo. Chimene chinam'soweka tulo ndi kachitini ka mpunga wosweka, kamene pansi pake panayamba kuoneka, chikhalirecho wa kudambo unali usanache.

Kenaka Silvester anabwera kudzam'funsa mafunso, poti chipewa chinamusankha. Anakhala pampando wa ndalema, anawongola mapepala pabondo. Kuseri kwa mpanda kunali mitu ya anansi, ina itanyamula ana kuti nawonso aone.

"Choyamba ndikutsimikizire kuti zimene tikambe pano ndi zachinsinsi. Dzina lako silituluka. Ndikulemba kuti Mayi A."

Lufina anayang'ana kumpanda. "Mwamva inu kumeneko? Musandidziwe. Ndine Mayi A."

Mitu ija inatsika pang'ono, nkukweranso.

"Funso loyamba. Kodi mukuona kuti chilungamo m'dera lino chikuyenda bwino kwambiri, bwino, kapena bwino pang'ono?"

"Nanga choipa chili pati?"

"Linalipo yankho limenelo. Anafufuta kuboma podinda chilolezo."

"Lemba kuti bwino kwambiri. Chandiyendera pamsana."

Silvester anaika pensulo pansi. Nkhope yake inali ya munthu amene waponda mwana wa nkhuku mwini wake akuona. Anatsitsa mawu. "Lufina, ndayesa kuwauza. Chipewa sichidziwa kanthu. Nyumba iliyonse inali ndi mwayi wofanana."

"Iliyonse?"

Silvester anakanda khutu. Lufina ankamudziwa kuyambira ali wamamina, ndipo ankadziwa kuti akamanama khutu amalikanda.

"Kupatula wani. A tcheyamani anandikokera pambali. Anati nyumba ya chipani siilowa m'chipewa."

"Ndiye aphunzitsi ako zimenezo amazitcha chiyani?"

"Kukondera," anayankha chapansipansi.

Anadandaulanso kuti ntchito yake yaima. Nyumba zina zimene zinatuluka m'chipewa, eni ake akangomuona amatseka chitseko nkuthawira kudambo. Mmene anamuphunzitsira, okana akachuluka umachitanso maere kuti upeze olowa m'malo mwawo. Koma achitenso bwanji, pamene aliyense wotuluka asanduka mbava?

Lufina anasiya kupukuta mamina a Emma. "Uchitenso. Tsiku la msika, anthu onse alipo. Ndipo ukawapemphe a tcheyamani kuti atole ndi dzanja lawo, monga mlendo wolemekezeka. Chipewacho chisiye kuno, ndikuchotsere mankhusu."

Silvester sanali wopusa pa zonse. Anamuyang'ana nthawi yaitali. "Ukufuna kuikamo chiyani?"

"Chimene unachotsamo."

"Chimodzi?"

"Zimene zikwane."

"Kumeneko n'kuononga kafukufuku. Ndipo zikadziwika, Lufina, andichotsa sukulu."

"Ine andichotsa kale kawiri. Koyamba anali abambo ako kusukulu, kachiwiri ndiwe pamtondo. Siya chipewa."

Anachisiya.

Zitsekerero anakazipempha kwa mayi Aziza, polowera kuseri. Kumeneko anapeza Veronica atakhala pamthunzi akudziona zikhadabo, mpunga uli mumtondo momwe unalowera. Mayi Aziza sanafunse kanthu. Anatulutsa chitini chodzaza, nati mokweza kuti Veronica amve, "Kam'patse mwana aziseweretsa."

Lufina anakhala kuseri kwa nyumba ndi msomali, nyemba zikuwira pamoto. Apa ndiye anayamika kudzikuza kwa a Paison. Akanasankha nambala ina, yokhotakhota, ntchito ikanakula. Koma wani ndi kamzere kamodzi. Ngakhale wa sitandade faifi amalemba osatuluka thukuta. Kanda, ponya m'chipewa. Kanda, ponya m'chipewa. Zakale zija anazikwirira padzala. Tsiku limenelo kudambo sanapite, ndipo mbalame zinachita ukwati.

Tsiku la msika a Paison anabwera atavala jekete, baji ya chipani ikuwala pachifuwa. Kupemphedwa kutola maere kunawakomera kwambiri, moti anayamba ndi mawu. Anakamba za bata ndi mtendere, za kumvera ndi kusunga mwambo. Anati m'dera lawo wakuba alibe pobisala, poti tsopano kuli nzeru za kusukulu zimene sizidya chiphuphu, siziona nkhope, sizinama. Anabwereza kuti sizinama. Ayufi anaomba m'manja, anthu nkutsatira. Silvester anagwira chipewa ndi manja awiri, nachikhutchumula.

Lufina anakhala pansi kutsogolo ndi azimayi anzake, mpata wa munthu mmodzi utasiyidwa mbali zonse.

A Paison anapinda mkono wa jekete, napisa dzanja, natulutsa chitsekerero. Anachiyang'ana. Anachitalikitsa, ngati maso ndiwo alakwa. Che Nasoro, amene anaima pambali pawo, anasuzumira.

"Wani, a tcheyamani," anawathandiza mwaulemu.

Kenaka a Fanizo, okhoma zidebe, amene ankamva pang'ono ndipo ankayankhula ngati onse ndi ogontha, anafunsa mnzawo. "Wani ndi nyumba ya yani kodi?"

Mitu yokha inatembenukira kutsidya kwa msewu, kumene nambala ya njereza inkawala padzuwa.

A Paison anayang'ana Silvester. Mawu anali pamilomo, oti kodi sindinakuuze kuti yanga usaikemo. Koma mawu amenewo sakanatuluka pamaso pa anthu amene angouzidwa kumene kuti chipewa sichiona nkhope. Anawameza, ndipo anaoneka pakhosi akutsika.

"Sichinasakanizike bwino," anatero. Anabwezeramo chitsekererocho, nalanda chipewa, nachikhutchumula okha mwamphamvu mpaka baji inagwedera. Anapisa dzanja pansi penipeni.

Che Nasoro anasuzumiranso. Ulendo uno anangokhosomola. Kukhosomolako kunamveka msika wonse.

"Zimachitika, bwana," Silvester anayamba. "Mukabwezeramo, mwayi woti chitulukenso umakhalapo. Ndi wochepa, koma m'mabuku..."

"Chabwereza," anatero a Fanizo. "Kwa sing'anga chikabwereza ndiye kuti basi."

Wina kumbuyo anaseka, nasandutsa kusekako chifuwa. A Paison anayamba kupendeketsa chipewa kuti aone mkati. Lufina anali atayembekeza zimenezo. Anayenda chogwada, Emma ali kumbuyo, nafika pamapazi awo, natambasula manja onse awiri, mutu atawerama, monga mmene mayi wa mwambo amalandirira katundu kwa munthu wamkulu.

"Pepani bambo, chisakulemetseni. Ndikugwirireni."

Munthu amene wangolalikira za mwambo sakanakanirira chipewa cha mwana, mayi atam'gwadira anthu akuona. Anachipereka. Koma anamuyang'ana Lufina pamutu nthawi yokwanira kuti mayiyo adziwe kuti iwo adziwa. Lufina anabwerera chogwada chomwecho, ndipo pofika pamalo pake zitsekerero zinali zitalowa kale m'mpindiro wa chitenje.

A Paison anakonza jekete. "Anthuni, tisataye nthawi ndi masewera a ana. Chitsekerero cha botolo chingadziwe wakuba? Zimenezi ndi za kusukulu, zophunzirira kuwerenga. Amene akuti chipewa chimagwira anthu akufalitsa mphekesera, ndipo mphekesera mukudziwa kumene zimafikitsa munthu."

"Ndiye cha make Emma chija?" anafunsa a Fanizo.

"Nachonso n'chimodzimodzi."

"Nanga thumba?"

"Thumba liti? Che Nasoro, munabedwapo inu?"

Che Nasoro anayang'ana kumwamba, kenaka pansi. "Sindinabedwe, a tcheyamani. Ndinapereka mphatso. Lilime linaterereka."

"Mwamva nokha. Kuno kulibe wakuba, kulibe wobedwa, kulibe mlandu. Iwe mnyamata, lemba zimenezo, ndipo mafunso ako athere pomwepa. Wavutitsa anthu mokwanira."

Silvester analemba. Azimayi amene anasiya mpata aja anasendera pafupi ndi Lufina, wina nkuyamba kuseweretsa Emma, ati mwanayu wanenepa bwanji.

Madzulo ake asuweni awiriwo anakhala pakhonde. Silvester anali atagwira mutu.

"Ndikalemba chiyani? Ndafunsa anthu ochepa, ndipo onse akuti bwino kwambiri."

"Ndiye lemba kuti bwino kwambiri. Si umboni umenewo?"

"Koma si zoona."

"Unati kudziwa n'kwina, umboni n'kwina. Iwe tenga umboni uzipita nawo. Kudziwako tisiyire ife, tizidyera ndiwo."

Silvester anati pali chinthu chimodzi chimene waphunzira, chimene m'kalasi sanachitchule: kuti wofunsa amakwera basi, woyankha amatsala. Lufina anamuuza kuti nzeru imeneyo ndi yabwino, ndipo ailipire pokatunga madzi, poti ndowa zonse zinali zouma. Anapita, nabwera nayo ndowa ili theka, buluku litanyowa.

Mtondo Lufina anaupezanso. Mayi Aziza anamuitanitsa m'mawa mwake, poti mpunga wa Veronica makasitomala ankaubweza. Koma mlongo wawo wa a tcheyamani sachotsedwa ntchito. Veronica anatsala, pamthunzi pake pomwe paja, ndipo mpunga wosweka, mchere ndi sopo zinayamba kugawidwa pawiri.

Zina zonse zinayenda motere. Ayufi anafika pakhomo pa Lufina sabata yomweyo kudzaona makhadi a chipani. Yake inalipo. Anafuna ya Emma, amene anali asanamere mano, ndi ya Yoramu, amene anali pansi pa nthaka mumgodi ku Joni, ndi za chaka chatha za onse awiri. Mbuzi inapita pamenepo. Silvester anayenera kukapepesa kwa a tcheyamani chifukwa chosokoneza mudzi, ndipo munthu sapepesa chimanjamanja. Mwana wa sukulu alibe khola, ndiye tambala anachokera kwa Lufina. Mpunga wa kudambo, mbali ya kumunsi yonse, unapita ndi mbalame tsiku la msomali lija. Chitenje chinabooka pamene panali zitsekerero.

Silvester anabwerera kusukulu ndi lipoti lonena kuti m'dera lonselo simunabedwe kanthu chaka chimenecho, ndipo anthu ake ndi okhutira ndi chilungamo. Anakhoza. Chipewa anachisiya, ndipo Lufina amavundikirira mchere kuti nkhuku zisafikepo. Nambala ya khala pachitseko inachoka ndi mvula yoyamba. Dzina loti Mayi A silinachoke, kuchitsime amamuitana choncho mpaka lero.